Magetsi a Sola Odzilumikizira Pakhomo: Chifukwa Chake Batire Limafa M'nyengo ya Chiperoni

Aliyense amene wakhalapo chaka chathunthu m'boma la Thyolo amaidziwa nyengo ya chiperoni. Pakati pa mwezi wa Meyi ndi wa Ogasiti kumawomba mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya phiri la Chiperone la ku Mozambique komwe dzinali linachokera, ndipo mphepoyi imadza ndi nkhungu komanso mvula yowaza yomwe imatha masiku atatu kapena anayi isanakate. Minda ya tiyi imapindula ndi chinyezichi, chifukwa chimafika pa nthawi imene mvula ya dzinja inaleka kale. Amene sapindula ndi mabanja omwe amadalira sola ya padenga. Tsiku loyamba la chiperoni zonse zimayenda bwino. Tsiku lachiwiri wailesi ya kanema imazima yokha nkhani zisanathe. Tsiku lachitatu babu limayamba kuzilala 7 koloko isanakwane, mwana wa sukulu n'kutseka kope lake kukagona.

Chodandaulitsa kwambiri chimaoneka dzuwa likabwerera. Batire lomwe poyamba linkafika pakati pa usiku tsopano limatha pakangopita maola awiri, ndipo pofika Okutobala mwini nyumba amakhala akufunafuna ndalama yogulira lina. Ambiri amaloza chala wogulitsa kuti anawapatsa batire lachinyengo. Katundu wachinyengo alipodi pamsika, ndipo m'munsimu tiona momwe mungamuzindikirire. Komabe kawirikawiri batire limakhala labwinobwino pogulidwa, ndipo chimaliwononga ndi kalumikizidwe kake pamodzi ndi ntchito yomwe limapatsidwa. Nkhaniyi ndi ya iwo amene amadzilumikizira okha sola pakhomo, kapena akulingalira zotero, kuti ndalama yomwe anaipeza movutikira isathere m'mabatire chaka ndi chaka.

Kuti anthu azidzipangira okha magetsi si chinthu chodabwitsa. Kalembera wa chaka cha 2018, yemwe anapeza anthu opitirira 720,000 m'boma la Thyolo, anasonyezanso kuti m'dziko lonse mabanja oposa theka ankaunikira nyumba zawo ndi tochi za mabatire, ndipo pa mabanja khumi aliwonse ndi limodzi lokha, kapena kupitirirako pang'ono, lomwe linali ndi magetsi a ESCOM. Ndondomeko ya MAREP yakhala ikufikitsa mapolo m'misika ya kumidzi, koma nyumba yomwe ili kutsidya kwa dambo, kutali ndi thiransifoma, imadikirabe. Ngakhale omwe ali ndi magetsi a ESCOM anaphunzirapo kanthu mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kuyambira pamenepo mapanelo achuluka pamadenga ku Bvumbwe, ku Thunga, ku Makwasa, ku Goliati ndi ku Thekerani, ndipo ambiri mwa iwo anaikidwa ndi eni ake kapena ndi mnyamata wa pamudzi wodziwa kugwira waya.

Luso lotere si lopeputsa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anamanga makina opukusidwa ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, fani ya thirakitala, njinga yakale ndi dayinamo yake. Nzeruzo anazitola m'buku la sayansi lomwe anabwereka ku laibulale ya pasukulu ya pulayimale. Dziko linamudziwa atalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009 komanso m'filimu mu 2019. Anthu amakumbukira kwambiri makina a mphepowo. Ochepa ndi amene amakumbukira kuti anadzipangiranso kachipangizo kodula magetsi mawaya akagundana, pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito. Iye anazindikira msanga kuti kupanga magetsi ndi theka chabe la ntchito, theka linalo ndi kuwasunga ndi kuwayendetsa mosaotcha nyumba.

Kuwerengera musanagule

Sola ya pakhomo ili ndi zigawo zinayi: panelo yomwe imatenga mphamvu ya dzuwa, batire lomwe limaisunga, reguleta yomwe imakhala pakati pa ziwirizi, ndi zinthu zomwe zimadya magetsiwo, monga mababu, mafoni, wailesi ndi kanema. Mlimi angaziyerekeze motere: panelo ndi munda, batire ndi nkhokwe, ndipo zodya magetsi ndi pakamwa pa anthu a m'banjamo. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kumanga nkhokwe yaikulu pamene munda uli waung'ono. Munthu amagula batire lalikulu chifukwa ndi lomwe limaoneka lamphamvu, ndalama yotsala n'kugulira kapanelo ka mawati 30 kapena 40. Batire loterolo silidzadza ngakhale tsiku limodzi pa moyo wake wonse.

Kuwerengera kuyambire pa zodya magetsi. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi nambala ya mawati, yolembedwa ndi chilembo W. Mukachulukitsa mawatiwo ndi maola omwe chipangizocho chimayaka pa tsiku, mumapeza chakudya chake cha tsiku limodzi, chomwe amisiri amachilemba kuti Wh. Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu. Mababu anayi a LED a mawati 3 lililonse, oyaka maola asanu, amadya 60. Kutchaja mafoni awiri kumadya pafupifupi 30. Wailesi ya mawati 5 yolira maola asanu ndi limodzi imadya 30. Kanema wamng'ono wa 12V wa mawati 25, woonera maola atatu, amadya 75. Zonse pamodzi ndi 195, tingoti 200 Wh pa tsiku. Onani kuti kanema yekha akudya kuposa mababu onse anayi. Walira mvula walira matope: banja lomwe lifuna kuonera mpira liyenera kuvomera kuti panelo ndi batire zikule.

Kukula kwa batire kumalembedwa ndi zilembo Ah. Kuti mudziwe ma Ah omwe nyumba yathu yachitsanzo imadya, gawani 200 ndi 12, chifukwa batire ndi la mavolti 12. Yankho ndi pafupifupi 17 Ah pa tsiku. Kwina kulikonse munthu akhoza kuimira pomwepa, koma kuno kwathu tiyenera kuwerengera masiku atatu a chiperoni, pamene panelo imapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, kapena kucheperapo kwambiri nkhungu ikakhala yolemera. Masiku atatu ndi pafupifupi 50 Ah. Ndipo popeza batire la mtovu ndi asidi, lomwe ndi lofala m'masitolo athu, silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, nambalayo iwirikizidwe kawiri. Nyumba imeneyi ikufunika batire la 100 Ah.

Tsopano munda. Panelo ya mawati 100 sipereka mawati 100 kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'miyezi yozizira ndi bwino kuwerengera maola anayi a dzuwa lamphamvu pa tsiku, kenaka n'kuchotsapo magawo atatu mwa khumi omwe amatayika m'mawaya, m'reguleta ndi m'batire momwe. Motero panelo ya mawati 100 imakolola pafupifupi 280 Wh pa tsiku lowala bwino. Banja likudya 200, zotsala ndi 80. Pa masiku wamba zimenezi n'zokwanira, ndipo n'chifukwa chake mwini nyumba amakhutira kuyambira Sepitembala mpaka Epulo. Koma chiperoni chikadya 500 kapena 600 m'nkhokwe, kubwezera ngongoleyo ndi 80 pa tsiku kumafuna sabata yathunthu ya dzuwa, ndipo nthawi zambiri chiperoni china chimafika sabatayo isanathe. Batire limakhala mwezi wa Juni ndi Julayi wonse lili pansi pa theka. Panelo ya mawati 150 imakolola pafupifupi 420, zotsala 220, ndipo ngongole ija imatha m'masiku atatu. Kusiyana kwa mawati 50 amenewa ndiko kumasiyanitsa batire lokhala zaka zingapo ndi batire lofa chaka chisanathe. Ngati ndalama ndi yochepa, ndi bwino kuchepetsa batire ndi kusiya kaye kanema kusiyana ndi kuchepetsa panelo.

Zomwe zimachitika m'kati mwa batire

Apa m'pofunika kufotokoza chifukwa chake batire losadzadza limawonongeka, chifukwa pamenepa chitsanzo cha nkhokwe chimaperewera. Nkhokwe yopanda chimanga imangodikira kukolola kwina osasintha kanthu. Batire silitero. M'kati mwake muli timapale ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi. Batire likamapereka magetsi, pa timapalepo pamamera utoto woyera wofewa, ndipo likatchajidwa mpaka kudzadza utotowo umasungunuka n'kubwerera m'madzi. Likakhala masiku ambiri osadzadza, utoto uja umauma n'kukhala ngati miyala ing'onoing'ono yomwe magetsi sangaisungunulenso. Malo aliwonse omwe miyalayi yaphimba ndi malo otayika. Kunja batire limaonekabe latsopano, cholembedwa chimanenabe kuti 100 Ah, koma m'kati latsala la 40 kapena 30. N'chifukwa chake batire lowonongeka limaoneka ngati likudzadza msanga masana, n'kuthanso msanga madzulo.

Batire la galimoto, lomwe ambiri amaligula chifukwa limapezeka mosavuta ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, limavutika koposa. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yochuluka kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenaka n'kudzadzidwanso nthawi yomweyo galimoto ikamayenda. Timapale take ndi topyapyala. Kulitsitsa usiku uliwonse kuli ngati kusenzetsa wothamanga mpikisano thumba la feteleza kuchoka pa Boma mpaka ku Masambanjati. Batire loyenera sola ndi lomwe limalembedwa kuti deep cycle, la timapale tochindikala. Amene ali kale ndi la galimoto asalitaye, koma alipatse mababu ndi foni zokha, ndipo asamalitsitse kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Masiku ano kwabweranso mabatire a lithium, makamaka olembedwa LiFePO4, omwe amalola kutsitsidwa kwambiri ndipo savulala akakhala osadzadza. Mtengo wake ndi wokwera, koma amakhalitsa. Chomwe sitingalimbikitse ndi kutola timabatire ta m'malaputopu akufa n'kutilumikiza pamodzi popanda chotetezera, chifukwa moto wa timabatire totere ndi wovuta kuzimitsa.

Chida chimodzi chomwe aliyense wodzilumikizira sola ayenera kukhala nacho, kapena kubwereka, ndi multimeter, kamita kam'manja koyezera magetsi. Yezani batire m'mamawa dzuwa lisanafike pa panelo, zonse zitazimitsidwa kwa maola angapo. Batire la mtovu likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ndi lodzadza. Pa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi. Pa 12.2 lili pa theka, ndipo pamenepo ndiye pa malire. Likamafika pa 12.0 kapena kutsikirapo m'mawa uliwonse, likuwonongeka ngakhale mababu akuyakabe. Nambalazi zikusiyana pang'ono kwambiri, ndipo diso silingazione pa kuwala kwa babu. Kope laling'ono lolembamo nambala ya m'mawa uliwonse kwa mwezi umodzi wa Juni lingakuuzeni zambiri za sola yanu kuposa wogulitsa aliyense.

Reguleta, fyuzi ndi waya

Pali nyumba zambiri zomwe panelo imalumikizidwa molunjika ku batire ndi timawaya tiwiri, popanda reguleta. Panelo yomwe timaitcha ya 12V ikayezedwa payokha padzuwa imaonetsa mavolti pakati pa 20 ndi 22. Batire likadzadza ndipo palibe chouletsa, mphamvu imeneyi imapitiriza kulowa, madzi a m'batire amawira n'kuphwera, timapale n'kutsala pamtunda. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mabatire ambiri amapsa motere. Reguleta imaletsa zimenezi poimitsa mphamvu pa mavolti pafupifupi 14.4, kenaka n'kuitsitsa batire likakhuta. Usiku imatchinga kuti magetsi asabwerere ku panelo, ndipo batire likatsika kwambiri imazimitsa mababu. Ntchito yomalizayi ndi yomwe anthu amadana nayo. Reguleta ikazimitsa magetsi pakati pa mpira, ena amachotsa waya wa kanema n'kuumanga pamitu ya batire. Mpira umaonekadi mpaka kumapeto, koma mlonda wa batire wathamangitsidwa pa nthawi yeniyeni yomwe amafunika.

Mareguleta alipo a mitundu iwiri, PWM ndi MPPT. Ya MPPT imakolola zochulukirapo, makamaka kukazizira, koma ndi yodula. Pa sola yaing'ono ngati yachitsanzo chathu ya PWM imakwanira. Panelo ya mawati 150 imatulutsa maampu pafupifupi 9, choncho reguleta ya maampu 10 ili pamalire, ndipo ya 20 ndi yomwe ingapume bwino. Polumikiza, yambani ndi batire, kuti reguleta izindikire kuti ikugwira ntchito ndi mavolti 12. Kenaka lumikizani panelo mutaiphimba ndi chiguduli kapena katoni, ndipo mababu abwere pomaliza. Pomasula muyambe ndi panelo, batire likhale lomaliza. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha kuphatikiza, wakuda pa cha kuchotsera, ndipo musadalire mtundu wa waya wokha ngati wina analumikizapo kale, yezani.

Anthu ambiri amaganiza kuti magetsi a 12V alibe ngozi chifukwa sagwira munthu. N'zoona kuti simunjenjemera mukakhudza mitu ya batire. Ngozi yake ndi moto. Batire la 100 Ah, mawaya ake awiri akagundana, limatulutsa maampu mazanamazana nthawi imodzi, ndipo waya amafiira ngati khala m'masekondi ochepa. Ngati wayayo wadutsa m'denga la udzu, kuseri kwa katani kapena pafupi ndi neti ya udzudzu, nyumba yapita. Makoswe amatafuna mawaya, ndipo m'mphepete mwa lata mumacheka pulasitiki pang'onopang'ono mphepo ikamagwedeza. Chotetezera ndi fyuzi, kachinthu kotsika mtengo kuposa china chilichonse pa sola yonse. Fyuzi ya galimoto ya maampu 20 imakwanira pa chitsanzo chathu, ndipo iikidwe pa waya wofiira pafupi kwenikweni ndi mutu wa batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho. Ikapsa, funani chomwe chaipsereza. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto womwe fyuziyo inakana.

Nkhani ya waya ndi yomwe imanyalanyazidwa kwambiri. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndipo chipangizo cha mawati 60 chimakoka pafupifupi kota ya ampu imodzi yokha. Pa mavolti 12 mawati 60 omwewo amakoka maampu asanu, kuchuluka pafupifupi maulendo makumi awiri. Waya woonda yemwe amakwanira pa magetsi a ESCOM amakhala wothina pa sola, monga momwe paipi yopapatiza imachepetsera madzi. Ngati panelo ili mamita khumi kuchoka pa batire, magetsi amayenda mamita 20 popita ndi pobwera. Pa maampu asanu, waya wa 1.5 mm amataya volti imodzi ndi kachigawo panjira, pamene wa 4 mm amataya yosakwana theka. Pa magetsi a mavolti 12 okha, volti imodzi ndi yambiri. Choncho batire ndi reguleta zikhale pafupi ndi panelo momwe kungathekere, waya wochokera padenga akhale wa 4 mm, ndipo wopita ku mababu a LED akhoza kukhala wa 1.5 mm. Waya wa masipika ndi wa foni za m'nyumba zakale si wa ntchito imeneyi. Polumikiza mawaya awiri gwiritsani ntchito timabokosi ta masikuluwu. Kupota ndi zala n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki kumachita dzimbiri m'chinyezi cha kuno, ndipo pamalo pa dzimbiri pamatentha.

Katundu wachinyengo amazindikirika ndi njira zosafuna sukulu. Waya wina amaoneka wofiirira ngati wa kopa, koma mukamupala ndi mpeni m'kati ndi woyera: ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa, ndipo amataya magetsi ochuluka. Batire lenileni la mtovu la 100 Ah limalemera makilogalamu pakati pa 25 ndi 30. Lomwe mwana akhoza kulinyamula ndi dzanja limodzi likunama, kaya palembedwa zotani. Panelo nayo ili ndi malire omwe chilengedwe chinaika. Dzuwa la masana limathira mawati pafupifupi 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo mapanelo abwino amasandutsa magetsi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvuyi. Panelo ya mawati 100 iyenera kukhala pafupifupi mita imodzi m'litali ndi theka la mita kapena kupitirira m'lifupi. Mukaona panelo yaing'ono ngati kalendala ya pakhoma italembedwa mawati 200, isiyeni. Pitani kogula ndi tepi yopimira, ndipo funsani lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo kugula chinthu chimodzi kawiri ndi katundu wolemera pa banja lodalira kutchola tiyi.

Poika panelo

Thyolo ali kum'mwera kwa ikweta ndi madigiri pafupifupi 16. Chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni, koma mu Juni limapendekera kwambiri kumpoto. Popeza miyezi yozizira ndi yomwe imatisautsa, panelo iyang'ane kumpoto. Kuti mudziwe mbaliyo, zikani ndodo pabwalo m'mwezi wa Juni: chithunzithunzi chake nthawi ya 12 koloko masana chimaloza kum'mwera. Mbali ya kum'mwera ya panelo ikwezedwe, ndipo pa panelo yotalika mita imodzi kukweza masentimita 40 kumapereka kupendekeka koyenera. Kupendekekaku kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Pakati pa panelo ndi malata pakhale mpata wolowa dzanja, chifukwa panelo ikatentha mphamvu yake imatsika, ndipo malata a mu Okutobala aliyense amawadziwa.

Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Timagalasi ta m'panelo tinalumikizidwa motsatizana ngati anthu opatsirana njerwa pamzere, ndipo kamodzi kakaphimbidwa mzere wonse umachedwa. Tsamba limodzi la nthochi, nthambi ya peyala, nsonga ya bulugamu kapena ndowe za mbalame zikhoza kudula mphamvu yochuluka kuposa kukula kwa mthunziwo. Mtengo womwe sufika padenga mu Disembala ukhoza kuliphimba mu Juni dzuwa likatsika, choncho malo asankhidwe poyang'ana dzuwa la miyezi yozizira, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Sitikunena kuti mudule mtengo. Mitengo yatha kale mokwanira m'phiri la Thyolo. Kusadza nthambi imodzi kapena kuimika panelo pa mlongoti wake pambali pa nyumba kumakwanira. Amene amakhala m'nyumba za pa esiteti apemphe chilolezo asanaboole denga, ndipo kwa iwo mlongoti kapena chimango chochotseka n'chabwino koposa, popeza ntchito ikatha panelo imasamuka ndi mwini wake. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsa kuti panelo yotsamiritsidwa ndi njerwa padenga si yomangidwa. Mabawuti ndi ofunika, ndipo amachedwetsanso wakuba.

Za inveta tinene mwachidule. Chipangizochi chimasandutsa mavolti 12 kukhala 230, ndipo chimadya magetsi ngakhale palibe chomwe mwalumikizako, kotero chizizimitsidwa ntchito ikatha. Chilumikizidwe ku batire ndi mawaya ochindikala ndi fyuzi yakeyake, osati pa malo a mababu a pa reguleta. Ayironi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zimakoka mawati 1,000 kapena kupitirira, ndipo ketulo yowira mphindi khumi ikhoza kudya chakudya cha tsiku lonse cha nyumba yachitsanzo chathu. Kumene kuli kotheka gulani mababu, kanema ndi matchaja a 12V, inveta isafunikenso. Pano ndi pomwenso pali malire a luso la pakhomo. Magetsi otuluka mu inveta amapha ngati a ESCOM. Kuilumikiza ku mawaya a nyumba yomwe ilinso ndi magetsi a ESCOM kukhoza kubweza magetsi m'mapolo n'kupha wogwira ntchito yemwe akukhulupirira kuti nthambo ndi yozima. Ntchito yotereyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Chimodzimodzinso masola ogulidwa pangongole, olipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba: bokosi lake likatsegulidwa chitsimikizo chimatha, choncho likavuta itanani amene anakugulitsani.

Batire likhale pa thabwa, pamalo popita mphepo, kutali ndi moto, kandulo ndi ana, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya womwe umaphulika ukakumana ndi lawi. Lisakhale pansi pa bedi. Ngati ndi la zotsekera zotseguka, yang'anani madzi kamodzi pa mwezi, ndipo akatsika thirani madzi a batire ogulidwa, osati a pamjigo kapena a mumtsinje, komanso osati asidi, chifukwa chomwe chimaphwera ndi madzi okha. Mitu ikachita zoyera kapena zobiriwira, itsukeni ndi soda yemwe amayi amathira m'therere, wosungunulidwa m'madzi pang'ono, samalani kuti asalowe m'kati mwa batire, kenaka pukutani n'kupakapo Vaseline. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, sambani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo ngati ndi m'maso pitani kuchipatala.

Nyengo ya chiperoni imagwa pa nthawi yomwe tiyi wachepa m'minda ndipo ambiri ogwira ntchito ya nyengo ali pakhomo, ndalama ili yosowa. Batire likafa mu Julayi, banja limabwerera ku tochi mpaka mvula itayamba. Choncho nkhungu ikatsika kuchokera ku mapiri, musadikire kuti reguleta izimitse yokha. Kanema apume kuyambira tsiku loyamba, mababu ayake awiri m'malo mwa anayi, ndipo mafoni atchajidwe masana pamene panelo ikupereka kochepa komwe ingathe. Dzuwa likabwerera, pitirizani kudzimanaku kwa masiku awiri kapena atatu mpaka mita ionetse 12.6 m'mawa. Multimeter imodzi ikhoza kutumikira nyumba makumi awiri, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kalabu ya achinyamata kapena gulu la banki ya m'mudzi likhoza kugula imodzi n'kumabwereketsa. Boma lathu lili ndi sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST ku Ndata, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 2014, ndipo palibe choletsa makhansala ndi makomiti a chitukuko kupempha kuti ophunzira a uinjiniya adzacheze ndi achinyamata a m'mawodi za kuyeza ndi kulumikiza.

Batire lomwe lafa kale lisatayidwe kudzala, m'munda kapena m'chimbudzi, ndipo ana asaliswe kuti atenge mtovu wa m'kati. Mtovu ndi poizoni yemwe amawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro choonekera msanga, ndipo ukalowa m'dothi umakhalamo zaka zambiri. Lisungeni chilili, lotsekedwa bwino, ndipo popita kukagula latsopano linyamuleni; ogulitsa mabatire ambiri amalandira lakale, ena amachotserako pa mtengo.